Mapiritsi a Mayi Pakhonde

Mayi atayamba kumwa mapiritsi a matenda oiwalaiwala, anayamba kulota kwambiri. Kukacha ankauza aliyense wodutsa kuti usiku anali ku Songwe kogula zitenje. Kwathu ku Uliwa, nkhalamba yoyenda usiku amaitcha mfiti, ndipo anthu anayamba kunong'onezana.

Achimwene anati titaye mapiritsiwo. Ine ndinakana, chifukwa mayi anali atayambanso kunditchula dzina. Dokotala anandifotokozera kuti mankhwalawa sachiza, amangoteteza timadzi tonyamula uthenga mu ubongo kuti tisathe msanga, ndipo ukamwa madzulo maloto amachuluka. Anati azimwa m'mawa, atadya.

Kuyambira pamenepo ndinkawamwetsa pakhonde m'mawa, aliyense akuona, uku ndikupereka moni mokweza kwa onong'ona aja. Wofuna kugenda mfiti ankayenera kuyamba ndi ine.