Kusenza Keke Kupita ku Katawa

Linali Lachitatu m'mwezi wa Juni, nthawi itangodutsa 3 koloko masana, pamene namwino anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndituluke kaye panja. Pobwerera ndinapeza amuna anga atawafunditsa nsalu mpaka kumutu. Kunyumba ku Ching'ambo ndinali nditasiya ufa wosefa m'beseni, mazira ali pambali, chifukwa Loweruka lake kunali ukwati umene unkadikira keke yanga. Ufa umenewo anautaya amayi a kumpingo pokonza m'nyumba. Maliro tinakaika kwawo ku Nkhata Bay.

Ine kwathu ndi ku Kasungu. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo ku Mzuzu ndinabwera ndili mtsikana kudzagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wa ku Katawa. Ndi amene anandiphunzitsa keke, kuyeza ndi kapu ndi supuni, popeza za masikelo sindinkazitsata. Yunivesite itayamba kukula, nyumba zinamera paliponse, mpaka m'madambo momwe kale munkangolira achule. Anthu anachuluka, ndi zikondwerero zomwe. Sankafunanso keke yafulati yodula ngati chigumu. Ankafuna yosanja, ina pamwamba pa inzake, pakati pali jamu ndi kirimu, kunja yoyera yokhala ndi maluwa.

Ntchito tinagawana chonchi: ine kuphika, amuna anga kunyamula. Iwo ankapalasa njinga yonyamula anthu, zija kuno timati sakaramento. Tsiku la keke ankachotsa khushoni ya kumbuyo, n'kuikapo thabwa, n'kumanga katoni ndi malamba a mphira. Ndinkaima pakhomo kuwaona akukwera mpaka atakhota pachigayo. Ankabwerako dzuwa litapendeka, n'kunena mawu amodzi okha, “Yafika,” kenako n'kupempha tiyi. Nthawi zina ankawonjezera kuti, “Jamu uja wachuluka, mayi.” Ine ndinkati anthu amakonda choncho, nkhani n'kuthera pomwepo.

Maliro atatha, akuchimuna anakhala nane pansi. Ndinali wolowoledwa, ndiye malo anga anali kumudzi kwawoko. Amene ankalankhula kwambiri anali alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemu, amene anawalera makolo awo atamwalira. Anati munda wa chinangwa ulipo, chipinda chilipo, m'tauni ndikatsalira chiyani wopanda mwamuna. Ndinawauza kuti mwana wanga wamkazi anali fomu 2 pasukulu yoyendera, ndipo kumudziko sekondale inali kutali moti atsikana ambiri ankangosiya. Anandiveka zakuda zoti ndivale chaka chathunthu, n'kundiuza kuti, “Pita ukayese. Zikakanika ubwerere, usadikire kuti tikutenge.”

Nditabwerera ku Mzuzu, keke yoyamba ndinaphikira ana a sukulu a payunivesite, mnzawo ankakumbukira tsiku lobadwa. Njinga ya malemu inali itatsala kumudzi, ndiye ndinapereka katoni kwa mnzawo wa malemuwo, wapanjinga amene ankaima naye pasiteji imodzi. Inafika yam'mwamba itatsetsereka, jamu atadzaza pansi pa katoni. Anawo anaidya ndi masupuni akuseka, koma nkhani inayenda.

Yachiwiri inali ya chinkhoswe ku Chibanja. Ndinati ndinyamula ndekha, ndinakwera minibasi n'kuiika pamiyendo. Sindinkadziwa kuti miyendo ya munthu wokhala pampando ndi yopendekera. Keke inayamba kutsamira kumimba kwanga tisanafike n'komwe pamsewu wa tala. Kondakitala anatithithikiza anayi pampando wa atatu, pansi pakutentha injini, dalaivala osaona mabampu. Mwini chinkhoswe anatsegula katoni, anayang'ana, n'kutsekanso. Anangoti, “Yewo, amama.” Kuyambira pamenepo foni yanga inakhala chete. Kutchalitchi amayi ankandipatsa moni wachifundo, za keke osatchula.

Tsiku lina ndinapita pasiteji paja ndili ndi mkwiyo. Ndinamupeza mnzawo wa malemu akupopa tayala.

“Monile, amama.”

“Yewo. Adada, mnzanu ananyamula makeke zaka zonse zija osawononga ngakhale imodzi. Inu tsiku limodzi lokha basi?”

Anasiya pampu n'kupukuta manja pabuluku.

“Amama, mnzanga uja sankakwera njinga akanyamula keke.”

“Ndinkawaona ndi maso angawa akukwera.”

“Mpaka pachigayo. Akangokhota ankatsika n'kuyamba kukankha. Kaya ndi ku Katawa, kaya ndi kuyunivesite, wapansi mpaka kukafika. Tinkamuseka pano. Tinkati taonani bwana keke wakwera, woyendetsa akuyenda pansi.”

Wina amene anakhala pakaliyala anaseka pang'ono, kenako anayang'ana zovala zanga n'kusiya.

“Bwanji sanandiuze?”

“Ankati mukadziwa muyamba kukana maoda akutali. Ine sindingathe zimenezo, amama. M'mawa wonse kukankha katoni, ana anga adya chiyani?”

Ndinabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde. Ndinakumbukira nsapato zawo mmene zinkathera msanga, ine n'kumawanena kuti munthu wapanjinga amatha bwanji nsapato. Sindinalire. Ndinangotopa kwambiri, ngati ndine ndinayenda maulendo onsewo.

Mu Okutobala, kutentha kutafika, alamu anatulukira Lachinayi masana. Anabwera ndi ufa wa kondowole, usipa wouma, ndi matumba opanda kanthu opinda bwino pansi pa dengu. Sindinafunse ntchito ya matumbawo. Nkhani ya makeke awiri aja inali itawapeza kunyanja.

Sabata yomweyo ndinali nditalandira foni kuchokera kwa mayi a ku Katawa aja amene anandiphunzitsa. Mwana wawo wotsiriza ankamaliza maphunziro payunivesite, ndipo Loweruka kunali phwando kunyumba kwawo. Iwo manja anali atayamba kunjenjemera, sankaphikanso.

“Ndamva zimene akukunenazo,” anatero. “Undiphikire yosanja katatu. Kubwera amayi onse a kumpingo, omwe aja amakupatsa maoda. Ikafika ngati phala, ine ndiye ndakusambira m'manja.”

Nditawauza alamu, anati, “Lamulungu tikwera limodzi. Mwanayo akapitiriza konko.”

“Alamu, mundilole ndipereke iyi yokha.”

“Ikagwa?”

“Ikagwa ndimanga katundu ndekha, simundiuzanso.”

Lachisanu ndinaphika keke zitatu mu uvuni wanga wa makala. Zitazizira ndinadula timitu tonse ndi mpeni kuti pakhale posalala, chifukwa keke yotukuka pakati imagwedera ngati mphika wokhala pa fuwa limodzi. Kirimu ndinamulimbitsa ndi shuga wambiri wosalala. Ndinayamba ndazunguliza kirimuyo m'mbali ngati mpanda, jamu n'kumuika mkati mwa mpandamo, wochepa, wongopaka. Pathabwa ndinadontheza kirimu pang'ono kuti yapansi imatirire. Nditasanja zonse ndinabaya timitengo titatu ta nsungwi totsuka bwino kuchokera pamwamba mpaka pansi. Firiji ndinalibe. Inagona pasimenti pakona yozizira, pa kampando kamene miyendo yake ndinaiika m'mbale za madzi kuopa nyerere.

Loweruka m'mamawa, nkhungu isanachoke, ndinapinda chitenje kupanga nkhata. Alamu anali pamkeka akumwa tiyi.

“Iwe mlamu, ukufuna kudutsa tauni yonse ndi zakudazo, keke ili pamutu? Anthu aziti mlongo wanga sanaume n'komwe m'manda, mkazi wake ali kale pa zikondwerero.”

“Njira ina ndilibe, alamu.”

Anamaliza tiyi wawo osafulumira, anamanga duku, n'kutenga ambulera yanga kuseri kwa chitseko.

“Ndikupita nawo. Ndikaone ndekha ikugwa, usadzati anakunamizira.”

Tisanatuluke pampanda anandiimitsa.

“Nkhata imeneyo wapinda ngati ya mwana wopita kudambo ndi kachitini. Tsitsa.”

Tinatsitsa katoni tili awiri. Anamasula chitenje, anachipotokola mwamphamvu, n'kupanga nkhata yotakata, yafulati. Alamu anakhala akusenza madengu a usipa kuchokera kunyanja kukwera nawo kumsewu kuyambira ali mtsikana. Atandisenzetsanso ndinamva kusiyana, thabwa linakhazikika ngati lili patebulo.

“Usayang'ane pansi. Maso kutsogolo. Pansi ndikuonera ine.”

Tinayenda choncho, iwo patsogolo pang'ono. “Dzenje.” “Mwala, kumanzere.” “Matope, tambasula mwendo.” Pa kamlatho ka matabwa ka padambo anandigwira chigongono. Titadutsa pachigayo ndinaona msewu wautali uja wopita m'tauni, ndipo mtima unandilemera, koma mutu sindikanatha kuweramitsa.

Pasiteji anyamata a njinga anayamba.

“Amama, sakaramento! Tikufikitsani msanga!”

“Msanga wanuwo ndi umene watiyendetsa pansi lero,” anatero alamu osatembenuka. “Kapopeni matayala uko.”

“Agogo ndinu aukali chomene.”

“Agogo ako ali kwanu.”

Pofika ku Chibanja nkhungu inali itatha, dzuwa layamba kuluma. Alamu anatsegula ambulera n'kuikweza pamwamba pa katoni. Ndi aafupi, ndiye ankayenda dzanja lili m'mwamba, akusinthasintha, akudandaula njira yonse. Anati phewa lawo silidzabwereranso m'malo. Anati anthu a m'tauni ndi odabwitsa, kusanja zakudya ngati nyumba. Anati mlongo wawo anali wopusa kuyambira ali mwana, ankanyamula nkhuku m'manja poopa kuti ingatope. Ndinawauza zimene ndinamva pasiteji zija. Anasinthira ambulera ku dzanja lina, kenako anati, “Ngalande. Dumpha pang'onopang'ono.”

M'tauni ndiye munali movuta. Maminibasi, oitanira, mawilibala, aliyense akuthamangira zake. Munthu wosenza keke satha kupatuka mwadzidzidzi. Ndinkangoima, anthu n'kundizungulira. Khosi linayamba kuwawa, kenako msana, kenako sindinkamvanso pamwamba pamutu. Potsitsa panalibe, paliponse panali popendekera kapena pafumbi. Ndinapuma choimirira, nditatsamira khoma la sitolo ndi phewa limodzi. Mayi wina wogulitsa nthochi anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kukatoni, n'kufunsa alamu ngati m'katonimo munali nkhata za maluwa za kumanda.

“Muli keke,” anatero alamu. “Gulitsani nthochi zanu.”

Pokwera chitunda cha ku Katawa ndinayamba kumva fungo la majarini. Ndinadziwa kuti kirimu wayamba kufewa. Ndinafuna kufulumira, alamu anandikaniza.

“Ukathamanga ndiye waigwetsa wekha. Yenda mmene umayendera.”

Thukuta linkalowa m'maso, chopukutira panalibe, manja onse ali kuthabwa. Ndinkangoganiza za mwana wanga, amene ndinamusiya akuchapa yunifolomu yake osadziwa ngati Lolemba aivala.

Tinafika dzuwa litakwera ndithu. Pabwalo anali atamanga tenti, mipando yayalidwa, nyimbo zikulira, mtsikana mwini phwando akujambulitsa atavala gauni lake. Ndinalunjika pageti, koma alamu anaima kutsogolo kwanga.

“Apa ndiye sulowa. Ndi zakudazo ayi.”

“Ndiye keke ilowa yokha?”

“Gwada.”

Ndinagwada pang'onopang'ono, msana uli chilili. Anakweza thabwa pang'ono, ine ndinasolola nkhata n'kuiika pa duku lawo. Kenako iwo anagwada, ine n'kuimirira ndi thabwa m'manja, n'kuwasenzetsa. Anadzuka osagwira pansi, mayi wachikulire choncho. Analowa pageti mowongoka, dzanja limodzi lokha kuthabwa, anthu akuwapatukira.

Ine ndinakakhala pamwala kunja kwa mpanda, pafupi ndi ngalande. Mutu unkapepuka ngati ukufuna kuuluka. Ndinamva nyimbo, pemphero, zolankhula zambirimbiri. Ndinamva m'manja kangapo, koma sindinadziwe ngati ankaombera keke kapena mwana. Palibe amene anatuluka kudzandiitana, ndipo sindinkayembekezera kutero.

Patapita nthawi yaitali alamu anatuluka ndi kambale ka pepala. Panali chidutswa cha keke. Ndinachiyang'ana m'mbali: magawo ali mowongoka, mzere wa jamu woonda uli pamalo pake.

“Duwa limodzi lakumbuyo linafufutika,” anatero. “Analitembenuzira kukhoma. Mayi anakuphunzitsa aja akuti upite Lachiwiri, kuli awiri akufuna za ukwati.”

Anakhala pamwala pomwepo n'kudya chidutswacho okha mpaka kutha.

“Shuga wachuluka,” anatero.

Pobwerera tinakwera minibasi. Anagona tisanatuluke m'tauni, mutu uli paphewa langa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anatenga dengu lawo, matumba aja ali momwemo osatambasula. Ndinawaperekeza kudepoti. Atakhala pampando anatsegula windo.

“Zakudazo ndidzabwera kudzakuvula ndine, usavule wekha. Ndipo pa zikondwerero usamalowe mpaka nthawiyo. Upeze munthu wodziwa kusenza azikulowetsera, osati atsikana a masiku anowa.”

Ndinachita momwemo. Miyezi yotsalayo ankandilowetsera ndi mayi wina woyandikana naye nyumba, wogulitsa makala. Chaka chitakwana alamu anabwera, anandivula, n'kubwerera tsiku lotsatira. Mwana wanga anamaliza sukulu yake konkuno.

Mzinda wapitirira kukula. Anthu amandiimbira kuchokera kumalo atsopano amene sindinafikeko, ena amati atumiza njinga yamoto, ena galimoto. Wa galimoto ndimamulola ngati avomera kuti keke ikhale pansi posalala, osati pampando kapena pamiyendo ya munthu. Wa njinga yamoto ndimamukana. Khosi limandivuta m'miyezi yozizira, ndipo maoda awiri tsiku limodzi sindilandiranso. Ndimaphika Lachisanu. Loweruka ndimanyamuka kusanatenthe, keke ili pamutu, kupita kumene miyendo yanga ingafike.