Msoko wa Mapiko a Ndege

Tsiku limene ndinagulitsa makina anga osokera ndi lomwe ndinatsimikiza kuti ulendo wa ku Mangalande ulipodi. Ndinali nditasoka pakhonde la sitolo ku Bangwe zaka zisanu ndi zinayi, kaunjika akundilanda makasitomala mmodzimmodzi. Viza inali ya munthu mmodzi. Mwana wanga Tadala, wa zaka khumi, ndinamusiya kwa mkulu wanga Esinati, n'kumulonjeza kuti ndi zaka ziwiri zokha. Zinakwana zinayi.

Ku Leeds ntchito yanga inali yoyenda m'makomo mwa nkhalamba: kusambitsa, kudyetsa, kupukuta, kenako kuthamangira basi mvula ili pamsana. Amene anandizolowera kwambiri anali a Harold, a zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, omwe ana awo ankangobwera pa Khirisimasi. Pakhoma pawo panali chithunzi chakale cha azimayi atazungulira phiko la ndege lalitali kuposa minibasi, aliyense singano ili m'manja.

"Wachitatu uyo ndi mayi anga," ankatero tsiku lililonse ngati sanandiuzepo.

Ndi iwo anandiphunzitsa kuti ndege zoyambirira zoponya mabomba, za pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, zinali za matabwa, mawaya ndi nsalu. Akalipentala ankakhoma nthiti za phiko, azimayi n'kulikuta ndi nsalu, kuisokerera ku nthiti iliyonse, kenako kupaka mankhwala onunkha kuti iume gwa ngati chikopa cha ng'oma. Mankhwalawo ankawadwalitsa mutu, ena mpaka kukomoka, ndipo mabwana ankangowapatsa mkaka kuti abwerere pa ntchito. Mayi a Harold anabwera ku fakitaleko kuchokera kumudzi, atasiya mwana woyamwa kwa agogo ake. Ndegezo sanakwerepo, ndipo kumene mabomba ankagwera sanakuonepo. Ine ndinkamvetsera ndikuwawenga zikhadabo, mumtima ndikuti zaka zana zapita koma fakitale ndi yomweyo, angosintha azimayi.

Atamva kuti ndinali telala, anatulutsa kansalu kofiirira m'chitini cha mabisiketi.

"Taona apa," anatero. "Paliponse pamene singano yalowa pali mfundo yake. Chipolopolo chikadula imodzi, zinazo zimagwirabe. Msoko uwu sumasuka."

"Nanga mwana anamusiya uja?" ndinafunsa.

"Mlongo wanga? Mpaka imfa yawo ankawatchula dzina. Sanawaitanepo kuti mayi."

Ndinaseka n'kunena chamumtima kuti za azungu izo, kwathu magazi sasochera.

Komabe mawuwo anandikhala. Pafoni Tadala anali atayamba kuyankha ngati akudzaza fomu: ndili bwino kaya inu, sukulu ili bwino, chete. Nsapato ndi mafoni ndinatumiza, koma zimenezo aliyense angagule. Ndinaganiza zomusokera diresi ndi manja anga, ndi msoko wa mapiko uja. Nditafunsa miyeso, Esinati anati, "Usavutike, ndi yomwe ija, wangotalikako pang'ono." Ndinasoka miyezi isanu, m'basi, pa nthawi yopuma, ngakhale Lamlungu anzanga ali ku tchalitchi. A Harold ankaliyendera ngati kapitawo wa fakitale, kukoka apa ndi apo, n'kugwedeza mutu. Anamwalira ndisanamalize mpendero. Ana awo anataya chitini chija pamodzi ndi nyuzipepala zakale.

Nditafika ku Bangwe, pageti panatuluka mtsikana wamtali, chitenje chili m'chiuno. Ndinatambasula manja kuti ndimukumbatire, iye n'kugwada, n'kundipatsa dzanja.

"Mwayenda bwanji?" anatero. Kenako anatembenukira kwa Esinati. "Amayi, ndiwaikire madzi osamba alendowa?"

Ndinatulutsa diresi lija m'chikwama n'kumupatsa. Ndinadziuza kuti diresi lindilankhulira. Analowa nalo kuchipinda, n'kutuluka lili m'manja. Linakana kudutsa pachifuwa.

Esinati anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Anakula chaka chatha," ananong'ona. "Tinamulanga kale, ine ndi amayi a mvano."

"Achemwali, osandiuza? Mwana wanga yemwe?"

"Nkhani zimenezi ndi zapafoni? Ndipo ndikaimba umati uli pa shifiti. Ukanabwera?"

Ndinafuna kumukumbutsa amene anafolera malata a nyumba imene tinaimapo, koma ndinadziwa yankho la funso lake. Sindikanabwera. Tsiku limenelo ndiyenera kuti ndinali kugwada pa bafa ku Leeds, kutsuka msana wa bambo a eni ake. Ndinakwiyira Esinati, ndinakwiyira azungu, koma wondipweteka kwambiri anali ine ndemwe, amene ndinkayesa kuti mwana adikira pa msinkhu umene ndinamusiya.

"Nsaluyi ndi yabwino, tingolikulitsa," anatero Esinati titabwerera pakhonde. Anakoka ulusi, ulusi osayenda. Anakokanso, nsalu n'kukwinyika. Anatuma Tadala kukatenga lezala, ndipo anakhala pamkeka awiriwo, wina atagwira nsalu, wina akudula mfundo imodziimodzi, mitu itagundana.

"Amayi," Tadala anatero akuseka, "azungu amasoka chonchi? Ngati diresi lithawa."

Palibe anamuuza amene anasoka. Ine ndinali pampando wa alendo, tiyi akuzizira m'manja, kuonerera timaulusi tanga tikugwera pansi.