Maliro anga a ku Fomu 4

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Fomu 4 pasekondale yoyendera ya kwathu, kufupi ndi Kandeu, ndipo ndikamaiganiza nkhaniyi mtima umandipsabe. M'kalasi tinalimo ambiri moti benchi ya anthu awiri tinkapanikizanapo anayi, koma mabuku a sewero limene tinkadzalembapo mayeso a boma analipo asanu okha. Linali sewero lakalekale la Azungu, lomvetsa chisoni, limene anthu ake amayankhula Chingerezi chopiringizika kenaka kumapeto n'kufa. Phunzirolo linkabwera masana, malata akutentha, njala itatikwapula. Aphunzitsi athu a Chingerezi, a Kamwendo, akayamba kuwerenga mokweza, theka la kalasi linkawodzera.

A Kamwendo anali munthu wamfupi, wa thayi imodzi yofiira, ndipo sewerolo ankalikonda kuposa mmene ankatikondera ife. Tsiku lina anafika pamene mtsikana wa m'sewerolo amamwalira, mawu awo akunjenjemera. Atatukula maso anapeza Yohane, mnyamata wamtali wa benchi yakumbuyo, akuliza mkonono. Anatseka buku mwamphamvu. Anati popeza makutu athu ndi ogontha, seweroli tilichita ndi matupi athu, ndipo tidzalionetsa pa tsiku la makolo.

Mbali ya mtsikana womwalirayo anapatsa ine, Esinati. Ndinanyada kosasimbika. Mawu onse ndinawaloweza popita kumjigo ndi pothirira tomato kudimba, ndipo kagwedwe ndinkayeserera kuseri kwa nkhokwe mpaka zigongono zinasupuka. Amayi anga, a Nangozo, ndinangowauza kuti ndili m'sewero. Za kufazo sindinatchuleko, chifukwa ndinkawadziwa.

Vuto la a Kamwendo linali lofuna kuti zonse zioneke zenizeni. Anatuma anyamata kukadula nsungwi n'kumanga chithatha chonyamulirapo maliro, iwo n'kubweretsa nsalu yoyera ya pabedi pawo. Atsikana oyenera kulira ankangoseka, ndiye aphunzitsi anakalipa. "Mukulira kapena mukuitana nkhuku? Lirani ngati mmene mumalirira kumudzi!" Kumudzi munthu umamulira pomutchula dzina, ndipo dzina la Chizungu la mtsikanayo linkakana kukhala pa lilime. Anzangawo anayamba kutchula langa, aphunzitsi osaletsa.

Lachinayi lina a Fomu 2 ankalemba mayeso m'kalasi mwathu, choncho tinakayeserera panja, pansi pa mitengo ya bulugamu, m'mphepete mwa njira yopita kuchigayo. Munthu aliyense wobadwira kumudzi akanaliona vuto lake pomwepo. Koma a Kamwendo anakulira m'tauni, mumpanda, ndipo ife tinali ana opanda nzeru. Ndinagwa bwino lomwe, anandifunditsa nsalu ija kumutu mpaka kumapazi, anyamata anayi n'kundisenza. Nsaluyo inkanunkhira sopo, nsungwi zinkandibaya msana, thukuta lili kamukamu. Anandizungulitsa bwalo la mpira katatu chifukwa aphunzitsi sankakhutira ndi kuliraku.

Zimene zinkachitika panjira ndinachita kuuzidwa pambuyo pake. Azimayi opita kuchigayo anaona chithatha, anamva "Esinati iwe, watisiya!", natula matumba awo a chimanga. Mmodzi anathamangira kudimba kumene kunali amayi. Ine m'kati mwa nsalumo ndinangomva kuti kulira kwayamba kukoma, mawu achuluka, ena okhwima ngati a anthu akuluakulu. Ndinamvanso a Kamwendo akufuula mokondwa kuti, "Eya! Kulira kwake n'kumeneko!" Kenaka panatulukira mawu amene ndingawazindikire ngakhale pakati pa msika.

"Mwana wanga ine! M'mawa womwewu wamwa phala ali bwinobwino!"

Anyamata aja anangochitaya chithatha, Yohane n'kuliyatsa liwiro kulowera kuchimanga. Nsalu inavundukulidwa. Ine ndinatsinzinabe, poti aphunzitsi anatiuza kuti wakufa satsegula maso zivute zitani. Nditamva manja akundipapasa m'masaya, ndinatsegula diso limodzi. Amayi anali atagwada, matope a kudimba mpaka m'mawondo, duku litagwera panjira, nkhope yawo ili mmene ndinali ndisanaionepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akupuma mwawefuwefu. Atatsimikiza kuti ndili moyo, anandiwaza mbama imene ndimaimvabe kukazizira. Kumbuyo kwawo kunali theka la mudzi, mkulu wa mpingo atanyamula kale buku la nyimbo, ndipo amuna awiri anali atabwera ndi makasu.

Tsiku lomwelo amayi anagamula mlandu. Anati kuyerekeza kufa ndi malodza, ndipo kulira munthu wamoyo pomutchula dzina n'kumuitanira imfa pakhomo. Yunifolomu yanga anaitsekera musutikesi, nati sukulu yophera ana masana sindidzapondakonso. Mayeso anali atatsala miyezi yowerengeka. Masabata awiri athunthu ndinakhalira kuthirira tomato, ndikulira ndi mkwiyo, anzanga akuphunzira. Kumjigo anthu ankandipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji malemu?" Ndinkaona sukulu yanga yonse ikuthera pa nsungwi zinayi, ndipo ndinkakwiyira onse: amayi, aphunzitsi, ngakhale Mzungu amene analemba zimenezi.

Sabata yachitatu a Kamwendo anabwera panjinga, tambala wopepesera ali pakaliyala. Anakhala pakhonde, thayi ili m'khosi, nayamba kufotokozera amayi kuti masewero oterewa amalembedwa kuti woonera amve chisoni ndi mantha, kenaka mtima upepuke.

"Chisoni ndinamva, mantha ndinachita," anatero amayi. "Kupepukako ndiye sindinakuone. Inu muli ndi mwana, aphunzitsi?"

Iwo anati alibe. Anachonderera kuti Esinati ndiye wokhoza bwino m'kalasi monse, kumusiyitsa pano n'kutaya bomwetamweta. Amayi, akusenda nyemba, anati ndibwerere kusukulu, m'sewero ndikhalemo, koma ndisafe. A Kamwendo anati sizingatheke, popeza wolembayo analemba kuti mtsikanayo amafa.

"Mukamuuze asinthe."

"Anamwalira kalekale, mayi."

"Mwaonatu," anatero amayi, napitiriza kusenda nyemba.

Pa tsiku la makolo amayi anakhala benchi yoyambirira, manja atapinda pachifuwa, maso ali pa ine. Titafika pamalo pamene ndinayenera kugwa, ndinangoyenda ndi miyendo yanga kulowa kuseri kwa zitenje zimene tinatchinga. Yohane anatuluka n'kulengeza m'Chingerezi chake chothyoka kuti mtsikanayo wapita kukakhala kwa amalume ake. Makolo anawomba m'manja, ena mpaka nthungululu, akuti nkhani yatha bwino. Kuseriko ndinapeza a Kamwendo atakhala pa ndowa, atagwira mutu ndi manja awiri. Nanenso ndinalira, osati zasewero ayi. Miyezi iwiri yosupula zigongono inapita pachabe.

Mayeso ndinakhoza, ndipo lero ndine mphunzitsi wa Chingerezi konkuno ku Ntcheu. Zinthu zinasintha. Mabuku alipo ochulukirapo, ndipo sewero lomwe lija ana amalionera pakompyuta yanga akutafuna nzimbe. Munthu akafa pakanemapo anawo amandifunsa ngati zimenezo zidzabwere pamayeso. Palibe mayi amene amathamanga kuchokera kudimba. Kwa zaka zambiri nkhani ya maliro angayi ndakhala ndikuifotokoza m'chipinda cha aphunzitsi, tonse n'kumaseka kusaphunzira kwa makolo athu, ine ndiye wotsogolera kusekako.

Teremu yathayi mwana wanga Tadala, amene ali Fomu 3 kusukulu ina, anafika kunyumba akudumphadumpha. Amusankha kuti akhale mtsikana yemwe uja, ndipo anafuna kundionetsa mmene azigwera. Anaponya chikwama, nadzigwetsa pasimenti, maso n'kutsinzina, dzanja lili lende. Ine sewerolo ndimaliphunzitsa chaka ndi chaka, ndipo ndikudziwa kuti ndi sewero chabe. Koma ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula.

"Dzuka msanga iwe! Ukawauze aphunzitsi ako kuti mawu onse unena, koma zogona pansizo akapeze mwana wa munthu wina."

Anadzuka n'kundiyang'ana ndi mkwiyo umene ndimaudziwa bwino. Mpaka lero akuti ndine wotsalira, ndipo ine sindinasinthe maganizo.