Mfuti Imene Adadi Anandikonzera

Ndikangomva fungo la mafuta a mfuti, ndimabwerera m'chipinda chapansi pa holo ina ku Lewisham, momwe munkanunkha chinyontho ndi mtovu. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Loweruka lililonse m'chisanu chija, ine ndi adadi tinkakwera basi ku Thamesmead kupita ku kalabu yowombera chandamale ndi timfuti tam'manja ta mpweya. Amayi sankazifuna n'komwe. Tinapangana nawo kuti ndikalephera mayeso olowera timu ya ana, zamfuti zithere pomwepo.

Adadi anali msilikali ku Zomba asanabwere kudzaphunzira kuno, ndipo pa nkhani ya mfuti sankauzidwa. Loweruka lomaliza mayeso asanafike, anatenga mfuti yanga kuti aiyese okha. Tizipolopolo tawo tonse tinagwera mmunsi chakumanzere. Anati mfutiyo ndi yokhota. Anatenga kasikuludiraiva n'kuyamba kupotoza timasikulu ta kampata kakumbuyo, kamene munthu amasuzumiramo polunjika. Anakakweza, anakakankhira kumanja, mpaka tizipolopolo tawo tinafika pakati. Anandibwezera akumwetulira. Ndinalandira ndi manja awiri, mtima uli m'mwamba, chifukwa kwa ine mfuti ija inali isanakhotepo.

Tsiku la mayeso anatilola kuyamba ndi kuwombera koyeserera. Tizipolopolo tanga tinaunjikana pamodzi bwinobwino, koma m'mwamba chakumanja, kunja kwa bwalo lakuda. Ndinayesanso, zomwezomwezo. Kochi wathu, Anti Tembo a ku Chipata, anayang'ana pepala langa n'kuwerama pakhutu panga.

"Grupu ya zipolopolo zako ili che bwino, mwana. Ni ma sights aya, kampata aka. Ndani anagwilako?"

Adadi anali pabenchi kumbuyo kwanga, jekete lili pamaondo. Kwathu mwana satsutsa bambo ake pagulu, ndipo ine ndinali ndisanawatsutsepo ngakhale kukhitchini. Anti Tembo anaika kasikuludiraiva patebulo panga.

"Kampata kasunthile kwamene ufuna zipolopolo ziyende. Fast, time isila."

Ndinatola kasikuludiraiva kaja. M'chipindamo munali zii, moti kasikulu kakamati ke, ke, ke, aliyense ankamva. Ndinatsitsa kampata, ndinakabwezera kumanzere, ndikumasula ntchito yonse ya adadi iwo akuona. Msana unkandiyabwa ngati pakuyenda nyerere, koma sindinacheuke. Ndinaopa kwambiri. Kachipolopolo kotsatira kanaboola pakuda penipeni, ndipo madzulo a tsikulo dzina langa linatchulidwa m'timu.

M'basi pobwerera adadi anangoyang'ana pawindo lodzaza nthunzi, manja ali m'matumba. Titafika anauza amayi kuti, "Mwanayu walowa," n'kupita kuchipinda. Anapitiriza kundiperekeza, koma mfuti yanga sanaigwirenso. Chisanu chonse chija ndinkayenda monyang'ama m'nyumba, ndikudikira tsiku loti andikalipire. Tsikulo silinafike.

Ndili mwana ndinkati anakwiya chifukwa ndinawachititsa manyazi pamaso pa anthu. Panapita zaka zingapo madokotala asanapeze matenda amene ankanjenjemeretsa dzanja lamanja la adadi, ndipo pofika nthawiyo kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Lero ndikudziwa kuti pabenchi paja sankaganiza za ine. Msilikali uja ankamvetsera kulira kwa kasikulu, ndipo anadziwa tonse tisanadziwe kuti chokhota sichinali mfuti, koma dzanja lawo.