Timaenje pa Chitseko cha a Kalilole

Bambo anga anagwira ntchito yopenta magalimoto pagalaja kuyambira ali mnyamata, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti a Kalilole. Akuti galimoto ikatuluka m'manja mwawo, munthu ankatha kupesa tsitsi akudziyang'anira pachitseko chake. Atapuma pantchito sanakhale pansi. Kuseri kwa nyumba anamangako kashedi, ndipo anthu ankawabweretsera mabedi achitsulo, mafelemu a njinga, mageti, ngakhale mafiliji akale. Ndanena izi poyamba kuti zimene zikubwerazi zisaoneke ngati nkhani yaing'ono. Kwa iwo penti wosasalala anali manyazi.

Chitseko chachitsulo cha kukhitchini kwathu chinali chitadyeka ndi dzimbiri m'munsi. Mayi anatopa n'kudandaula kuti wopenta wa dera lonse akugona m'nyumba ya chitseko chonga cha khola, ndiye anapita okha kusitolo ya zitsulo. Wogulitsa anawapungulira penti wotuwa m'kachitini kopanda cholembedwa chilichonse, monga amachitira ndi ogula pang'ono, n'kuwauza kuti ameneyu ndiye mdani wa dzimbiri. Zina sananene, mayi nawonso sanafunse.

Bambo anazula chitsekocho n'kuchigoneka pamipando iwiri. Anapala dzimbiri ndi bulashi yawaya, anakwecha ndi sandipepa, anapukuta, kenako anapopera. Penti atayamba kuuma ine ndinalipo. Pachitseko ponse panatuluka timaenje tating'ono tothithikana, ngati wina wachisula ndi nyundo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Bambo anangoima, kukamwa kuli yasa. Nkhope yotero ndinali ndisanawaone nayo, ngakhale pamaliro.

Poyamba anati ndi fumbi. Penti atauma anamukwecha yense mpaka chitsulo kuonekera, anawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, n'kupoperanso. Timaenje tinabwerera. Anati ndi chinyontho, nadikira tsiku la dzuwa. Anamasula chopoperera, natsuka kachitsulo kalikonse ka m'kati mwake. Timaenje tomwe tija. Penti yekha ndiye sanamukayikire, poti m'mutu mwawo munalibe zoti munthu wabwinobwino angapange dala penti wotero.

Nthabwala zinatha m'nyumba. Ndinayamba kuwaona akugwira kapu ndi manja awiri, nthawi zina atatambasula dzanja n'kumayang'ana zala zikunjenjemera pang'ono. M'mawa wina anandiitanira kushedi. Chopoperera, mapaipi ake ndi mabulashi zinali zitamangidwa m'thumba.

"Mwanawe, manja andithawa," anatero. "Izi ukapatse amene akadali ndi dzanja."

Mayi anamva zimenezi. Ankadziwa kuti chimene chimadzutsa amuna awo m'mawa ndi kashedi kaja. Anatola kachitini, nandiuza kuti ndiwaperekeze kukakalipira wogulitsa amene anawapatsa penti woola.

Wogulitsayo anaseka mpaka kugwira pakauntala. Anatsitsa chitini chachikulu chimene anapungulamo, n'kutionetsa chithunzi cha pambali pake: timaenje tokhatokha. Anafotokoza kuti pentiyo amapangidwa choncho, akamauma amadzigawa yekha kuti chitsulo chioneke ngati chosulidwa, ndipo zipsera za dzimbiri zimabisala momwemo. Umapaka wokhuthala, osabwerezabwereza pamalo amodzi, n'kumusiya achite zake.

"Ndiye mdala wanuyo ankafufuta kukongola kwake komweko?" anafunsa.

Mayi sanaseke nawo. Ine ndinkangoyang'ana chithunzicho.

Kunyumba bambo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa mwapansipansi ngati kulidi anthu amene amalowa m'sitolo n'kupempha penti wa nthomba. Titavomera anapukusa mutu ngati tawauza kuti kuli ogula mkaka wosasa kuti athire mu tiyi.

"Bambo ake, masulani thumbalo," anatero mayi. "Manja anu alibe mlandu."

Anamasula, koma anati ayese kaye. Anatenga chidutswa cha lata losalala ndi penti wamba amene anamuzolowera, n'kupopera ife titaima pakhomo, okonzeka kuwomba m'manja. Timaenje sitinatuluke. Koma mbali ina penti anaunjikana mpaka kuyenderera ngati misozi, mbali ina anapyapyala, lata likuonekera. Tinaona tonse atatu. Mayi anayamba kunena za mphepo, bambo anawaletsa ndi dzanja, dzanja lomwelo likunjenjemera. Ndiye kuti penti anawanamizira mlandu umene unalipodi.

Kenako bambo anapita pachitseko chija, chimene chinali chitatsamiritsidwa kukhoma ndi timaenje take ta ulendo womaliza. Ananjuta, nachiyang'ana chopendekera, mmene ankayang'anira magalimoto pagalaja. Anandiitana kuti ndiwalozere pamene dzanja lawo linaphonya. Ndinayang'ana kumwamba, m'mbali, pansi pamene panali dzimbiri. Ndinawauza zoona kuti sindikuonapo.

"Ngakhale inenso," anatero.

Anadzuka movutikira, atagwira bondo, nafunsa mayi ngati wogulitsa uja ali ndi mitundu ina kupatula wotuwayu. Mayi anati anaonako wobiriwira ndi wakuda. Bambo anakoleka chopoperera pamsomali pake, natembenukira kwa ine.

"Mafiliji ndasiya. Koma mageti ndi mabedi azibwera. Pita ukatenge wa nthombayo, chitini chachikulu, ndipo wogulitsayo akakufunsa za ine usachedwe naye."