Kaseti imene inatsala

Achimwene anga ankakonza injini ya magetsi ku mishoni, kuseri kwa Phiri la Dedza. Kumeneko kunali wansembe wachizungu wokalamba amene anali ndi wailesi yaikulu ndi kakompyuta kokhala ngati thabwa la mabatani. Wailesi ikamalira ngati nkhululu, kakompyutako kankasandutsa kulirako kukhala zilembo pa galasi. Anali anthu a maiko akutali, akulemberana moni ndi za nyengo. Basi. Kuno kutumiza mawu pa wailesi yotere kunali koletsedwa, ndiye awiriwa ankangowerenga za eni.

Wansembeyo pobwerera kwawo anawasiyira achimwene zonse. Iwo anamanga waya pakati pa mapaini awiri kuseri kwa nyumba ya amayi, nkubwereka batire la thirakitala. Lamulungu tikachoka ku Misa ankandikokera kuchipinda.

"Taona mphwanga, uyu ali ku Brazil. Akuti kwawo kukugwa mvula."

"Ndiye ine nditani? Ndikamuanulire zovala?"

"Iwe m'mutu mwakomo muli kachewere."

Kakompyutako kanali koiwala. Ukangokazimitsa, zonse zapita. Choncho malangizo amene achimwene ankalemba okha, oti kazitha kuwerenga ngakhale kulira kochokera kutali kwambiri, ankawasunga pa makaseti wamba, omwewa a nyimbo. Ukaika kaseti yotere mu wailesi umangomva tswiii ndi krrr, zolasa m'makutu.

Tsiku lina anapita pa njinga ku Chimbiya, kaseti ili m'thumba la jekete. Anyamata ofunsa makhadi a chipani anawasecha, nkuiliza pomwepo pamsewu. Madzulo asanafike kunabwera galimoto. Inatenga wailesi, kakompyuta, batire la eni ake, ndi waya womwe. Achimwene sitinawaonenso.

Ndinapita ku boma kukafunsa za iwo. Ine ndi munthu wosachedwa kupsa mtima, aliyense kwathu amadziwa. Ndinamenya tebulo nkuwauza kuti lumikizani zinthuzo muone nokha, mulibe chinsinsi, ndi moni wa azungu osowa chochita. Bambo wa pa tebulopo sanakweze mawu.

"Kani inunso, achikulire, mumachimva chinenero chimenechi? Kwanu mwatsala ana angati?"

Ndinatsala ndekha. Ndinatuluka, ndinagula mchere umene amayi anandituma, ndinabwerera kumudzi.

Patapita nthawi amayi anapeza kaseti ina pansi pa matiresi a achimwene. Anayamba kumailiza akamasankha mbewu ya kachewere pakhonde, yowola uku, yabwino uku, wailesi yawo ya makaseti ili pambali, tswiii.

"Amayi, mukufuna atitenge tonse? Phokosoli mukumvamo chiyani?"

"Ndi ntchito ya manja ake. Iwe zako ndi zolusa basi."

Anangochepetsa mawu a wailesiyo. Mabatire ndinkagula ndine. Zaka zinapita choncho. Tinkalima, tinkakumba, tinkagulitsa pamsewu. Ndinakwatira. Ana anga anakula akudziwa kuti kwa agogo kumalira chinthu, ndipo sanafunsepo. Ngati achimwene anali moyo kapena ayi, ndinasiya kuganiza. Sindikukumbuka kuti ndinasiya liti.

Achimwene anabwera zinthu zitayamba kusintha m'dziko, m'mawa wa nkhungu, mapazi atatupa, mano akutsogolo palibe. Anthu analira, ena anaimba. Ine ndinawapatsa mpando.

Anthu atachepa, amayi anatulutsa wailesi ija, nkuiika pa mwendo pawo, nkudina. Achimwene anapendeketsa mutu ngati kale, kumvetsera mpaka kaseti inafika pothera.

"Imeneyi ndi yolakwika," anatero. "Inkangoima pakati. Yabwino ndi imene anatenga ija."

Amayi anati palibe kanthu, nkuitembenuza mbali inayo. Achimwene anayang'ana mapaini aja, kenako anandifunsa ngati munda wa kudimba tinaugawana kale. Ndinati ayi, mbali yawo ilipo. Anafunsa khasu.