Chidebe chija ndikadali nacho

Bambo a Tadala, lero ndi Lolemba la Pasaka. M'mawa kunabwera achikulire a Feri, mmodzi mwa anthu a ku Hungary amene munkawalalikira ku Clondalkin, kuno ku Dublin. Anandiwaza perefyumu kumutu monga mwa mwambo wa kwawo, kenako tonse tinangoyamba kulira. Ndinakumbukira chaka choyamba cha utumiki wanu, a Feri atakuuzani kuti kwawo pa tsikuli amuna amawaza akazi madzi. Inu simunafunsenso kuti ochuluka bwanji. Munatunga chidebe chodzaza n'kundikhuthulira pakhomo, kuzizira konse kuja. Ndinakuwa, "Mwapenga kodi?" Inu mukuseka munati, "Amayi, m'mishonale amayamba ndi kunyumba kwake." A Feri, amene ankaonerera, anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo Lamulungu lotsatira anabwera ndi banja lawo lonse kudzapemphera.

Koma mkulu wa mishoni uja, amene ankakutchulani mchimwene, anatitulutsa m'nyumba ya mpingo maluwa a pamanda panu asanafote. Akudziwa bwino mmene nyumba zikusowera mu Dublin muno. Ine ndi Tadala tikugona m'kachipinda kamodzi ku Rathmines, pomwe mkulu uja ali pa guwa kuuza anthu kuti mpingo wa anthu a ku Hungary anauyambitsa yekha. Dzina lanu salitchula n'komwe. Munkandiphunzitsa kukhululuka, koma pepani bambo, apa ndakana. Chidebe chija ndikadali nacho. Lamulungu likubwerali ndikakhala nacho pa benchi ya kutsogolo, ndipo madzi ake sakhala odalitsa.